Tirigu ndi abale ake akutchire

Bambo a Tadala (Banket, Zimbabwe): Moni nonse abale. Funso langa lipite kwa amene anadutsa kusukulu ya zaulimi. Mlangizi amene amatiyendera pafamu pano akuti mbewu zatsopano za tirigu amazipanga pokwatitsa tirigu ndi udzu wakutchire. Ine ndinaseka, mwiniwake sanaseke. Zoona zimenezi? Ife kutha ndalama kupha udzu m'munda, ena n'kumauitanira m'mbewu?

aJere (Highfield): GMO imeneyo achimwene, angoisintha dzina kuti tisadzidzimuke.

Chisomo (Mt Pleasant): Ayi amalume, si GMO. GMO ndi mbewu imene mu labotale aiika jini ya chamoyo china, ndipo jini ndi kachinthu kamene kamanyamula khalidwe kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Tirigu wa GMO alipo ndithu, monga HB4 amene dziko la Argentina linavomereza mu 2020, ameneyo anamuika jini ya mpendadzuwa. Zimene akunena alangiziwo ndi za mungu basi, ndipo zinayamba zokha kulibe labotale. Tirigu amene timaphikira buledi anachokera ku maudzu atatu. Awiri oyamba anasakanikirana okha kutchire, panatuluka tirigu wa makromosomu 28 (timizere tonyamula majini) wotchedwa emmer, amene anthu a ku Middle East anayamba kulima. Kenako zaka pakati pa 8,000 ndi 10,000 zapitazo, chakumwera kwa nyanja ya Caspian, emmer wa m'munda analandira mungu wa kaudzu kotchedwa Aegilops tauschii. Ndiye kubadwa kwa tirigu wathuyu, wa makromosomu 42. Ngakhale kufufuma kwa buledi wa azakhali NaPhiri, mbali yaikulu inabwera ndi kaudzu kameneko.

NaPhiri (Mbare): Buledi wanga amafufuma ndi yisiti ndi manja angawa mwanawe 😂 koma pitiriza, ndikumva.

Chisomo: Vuto lake ndi lakuti kusakanikirana komalizako kunachitika kangapo kokha, ndi timbewu tochepa ta udzuwo. Ndiye pa mbali imeneyo, tirigu wa ku Banket ndi wa ku Canada amafanana kwambiri. Matenda akapeza khomo pa mmodzi, ambiri amakhala alibe chodzitetezera. Chonsecho udzu weniweniwo ukumerabe kuyambira ku Turkey ndi Iran mpaka ku China, wina m'malo ouma, wina m'nthaka yamchere, wina motentha, ndipo zambiri zimene uli nazo sizinalowepo mu tirigu. Akatswiri akungobwerera kukatenga zimene zinatsala.

aMbewe (Mufakose): Mwanayu walasa. Ine ndinakalambira m'minda yoyesera mbewu, kudzala timizere tifupitifupi, kumangirira timapepala, kuwerenga masamba odwala mpaka maso kuchita chidima. Ndikuuzeni nkhani ya rye. Rye ndi mbewu ya kumaiko ozizira, m'bale wake wa tirigu. Ku Germany anthu anapeza tirigu amene dzanja limodzi la kromosomu yake linalowedwa m'malo ndi la rye. Kudzera mu mtundu wa ku Russia wotchedwa Kavkaz, chidutswa chimenecho chinafika ku CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu ku Mexico, ndipo kumeneko anapanga banja la tirigu lotchedwa Veery. M'zaka za m'ma 1980 Veery anafalikira maiko ambirimbiri. Chidutswacho chinabwera ndi majini oteteza ku chiwawu cha mitundu itatu, cha masamba, chachikasu chija cha mizeremizere, ndi cha paphesi. Jini ya chiwawu cha paphesi ndi imene amaitcha Sr31. Kwa zaka pafupifupi 30 inagwira ntchito mpaka anthu anaiwala kuti matendawa aliko.

Bambo a Tadala: Mwati inagwira, ndiye kuti pano siikugwira?

aMbewe: Inagwa. Mu 1998 ku Uganda anaona chiwawu pa tirigu amene ali ndi Sr31, ndipo mu 1999 anachitcha Ug99. Chinayenda ndi mphepo kupita ku Kenya, Ethiopia, n'kuwoloka nyanja kufika ku Yemen, pofika 2007 chinali ku Iran. Zidzukulu zake zinapezekanso ku South Africa ndi kuno ku Zimbabwe. Anthu anathamangira ku jini ina, Sr24, yochokera ku udzu wotchedwa Thinopyrum. Mu 2006 ku Kenya inagwanso. Sr36, yochokera ku tirigu wachikale wa ku Georgia, inagwa mu 2007. N'chifukwa chake mpaka lero maiko amatumiza mbewu zawo ku Njoro ku Kenya, kuti zikadwale dala kumeneko, aone yotsala.

aJere: Mwandithandiza kunena aMbewe. Mwatenga ku rye yagwa, mwatenga ku udzu yagwa. Nanga phindu lake lili pati? Ndalama zonsezo bwenzi atagulira alimi mankhwala opopera.

aMbewe: Zaka 30 za tirigu wosadwala mukuziyesa zachabe aJere? Werengani buledi amene anadyedwa zaka zimenezo. Cholakwika sichinali kutenga ku rye. Cholakwika chinali kuti dziko lonse linatsamira jini imodzi, ndipo bowa woyambitsa chiwawu amasintha chaka ndi chaka, anangofunika kusintha kamodzi basi. Koma ilipo ina imene simunaimve chifukwa siipanga phokoso. M'zaka za m'ma 1920, Edgar McFadden wa ku South Dakota anakwatitsa tirigu ndi emmer uja, anzake akuti zosatheka, n'kutulutsa mtundu wotchedwa Hope. Mmenemo munali Sr2. Imeneyi siiletseratu matenda, imangowachedwetsa mbewu ikakula. Tsopano zaka zikuyandikira 100 ikugwirabe ntchito. Opanga mbewu anzeru masiku ano amaunjika zoterezi zingapo mu mtundu umodzi, kuti bowa akathyola chimodzi apeze china.

NaPhiri: Ine ndilowe ndi za kukhitchini. Pali ufa wina ukaukanda umamata m'manja ngakhale madzi utayeza bwinobwino, buledi wake n'kutuluka wamfupi. Kodi sizochokera kumaudzu anuwa?

Chisomo: Zifukwa zimatha kukhala zingapo azakhali. Tirigu amene mvula yamupeza m'munda n'kuyamba kumera pangala amachita zomwezo. Koma inde, chidutswa cha rye chija chimadziwika ndi khalidwe limenelo. Chinachotsa ena mwa majini olimbitsa mtanda n'kuikapo a rye, ndiye mtanda umamata, makamaka m'makina akuluakulu okandira. Pali jini inanso, Lr19, yoteteza ku chiwawu cha masamba, imene inabwera ndi ufa wachikasu. Opanga makaroni amaukonda mtundu umenewo, koma wogula buledi ku Mbare akufuna woyera.

NaPhiri: Wachikasu angandifunse kuti mwathiramo mazira, n'kufuna ndiwatsitsirenso mtengo.

aMbewe: Pamenepo ndiye pagona ntchito yonse. Kutenga jini kuudzu kuli ngati kukwatira kumudzi kwa eni. Iwe umafuna mkazi yekha, koma amabwera ndi alamu, apongozi ndi ngongole za kwawo. Jini yabwinoyo imabwera itamatirira ku zinzake zoipa, za phesi lalitali logwa ndi mphepo, za mankhusu okana kupunthika, za ngala zoyoyoka zokha zikauma. Kuti uzichotse umabwezera mwanayo kwa tirigu wabwino, mdzukulu kwa tirigu wabwino, mobwerezabwereza, uku ukusankha. Zaka khumi zimatha osaona kanthu kogulitsa. Ndiye makampani ambiri a mbewu safuna kuyamba okha, amadikira mabungwe a boma ndi a maiko onse atsuke kaye.

Chisomo: Ndionjezere pa zimene anena agogo. Tirigu ali ndi jini yotchedwa Ph1, imene Riley ndi Chapman anaifotokoza ku England mu 1958. Ntchito yake ndi kuletsa makromosomu osafanana kwenikweni kuti asasinthane zidutswa. Kwa tirigu n'zabwino, n'chifukwa chake amabereka bwino ngakhale ali ndi magulu atatu a makromosomu. Koma kwa wopanga mbewu ndi chipsinjo, chifukwa kromosomu ya udzu imangokhala payokha yathunthu, zabwino ndi zoipa zomwe. Ernest Sears wa ku Missouri, mu 1956, anachita kuthyola makromosomu ndi X-ray kuti kachidutswa ka udzu wotchedwa Aegilops umbellulata kalowe mu tirigu, ndiye jini ya Lr9 imeneyo. Pambuyo pake anapanga tirigu wopanda Ph1, amene anthu akugwiritsabe ntchito ngati mlatho. Masiku ano chimene chasintha ndi choti amayeza DNA ya kambewu kali kakang'ono, n'kudziwa kutalika kwa chidutswa cha udzu chimene chalowa, osadikira kukolola.

aJere: X-ray! Ndiye mukuti si GMO?

Chisomo: Mwa malamulo a maiko ambiri si GMO amalume, koma sindikukanizani kuti ndi zochita za anthu, sizikanachitika zokha. Zimene ndimakonda ine ndi zina, zofatsa kuposa pamenepo. Amatenga tirigu wa makaroni, wa makromosomu 28, n'kumupatsa mungu wa Aegilops tauschii, ndendende zimene zinachitika ku Caspian kuja. Kambewu kamene kamapangika kamakhala kofooka, ndiye amachotsa kamluza n'kukalera m'botolo. Chomera chake chimakhala ndi makromosomu 21, chosabereka bwino, mpaka atawirikiza kufika 42, nthawi zina ndi mankhwala a colchicine. Akatero apanganso tirigu wa buledi kuchokera pachiyambi, koma ndi kholo lina la udzu. McFadden yemwe uja ndi Sears anaonetsa kuti n'zotheka m'ma 1940. CIMMYT inayamba mwamphamvu kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 motsogozedwa ndi Mujeeb-Kazi, ndipo yapanga oposa 1,000. Ku Sichuan ku China anatulutsa mtundu wotchedwa Chuanmai 42 mu 2003 kuchokera kwa amenewa, ndipo anabereka kuposa mitundu imene inalipo.

Bambo a Tadala: Za China zili apo. Ine ndifunse za pano. Tirigu wathu ndi wa m'chisanu, wothirira. Tikadzala mu Meyi timakolola Seputembala kapena Okutobala. Magetsi akavuta mapampu amaima, ukachedwa kudzala maluwa amakumana ndi kutentha, pokolola mvula yakupeza, osanena za timbalame ta quelea. Udzu wanuwo undithandiza pati pamenepa?

aMbewe: Pa magetsi ndi mbalame musayembekezere kanthu achimwene 😂

Chisomo: Pa ziwiri ungathandize. Ana a tirigu wopangidwanso uja, monga mzere wotchedwa Sokoll, aonetsa kupirira kutentha ndi kuchepa kwa madzi, ena mizu yawo imapita pansi kwambiri. Ndiye madzi akadumpha sabata, sataya zambiri. Chachiwiri, mbewu zakutchire sizimera msanga zikanyowa, zimagona kaye, ndipo khalidwe limenelo ndi limene likufunidwa kuti ngala isamere ili m'munda mvula ya Okutobala ikafulumira. Koma musamve ngati thumba lake lili kale m'sitolo ku Chinhoyi. Mzere wochita bwino ku Obregón ku Mexico uyenera kuyesedwa kaye kuno, kumalo oyesera mbewu a Rattray Arnold kapena a Crop Breeding Institute, nyengo zingapo.

Mayi a Limbani (Glen Norah): Pepani ndalowa mochedwa, ndinali kuntchito. Ine kwathu ndi ku Tsangano ku Ntcheu, ndipo kumeneko tirigu timalima popanda pampu, kumapiri kozizira, ndi chinyezi chotsalira mvula ikamatha. Ku Neno chimodzimodzi. Bwanji kuno osangodzala wa dzinja ndi mvula, m'malo molimbana ndi magetsi?

aMbewe: Maganizo amenewo akhala akuyesedwa mayi, ndipo ndi pamene pali mantha anga. Dzinja kuno n'kotentha ndi chinyezi, ndiye paphwando pa matenda. Mwamva za wheat blast? Inayamba ku Paraná ku Brazil mu 1985. Mu 2016 inatulukira ku Bangladesh, mpaka minda ina anachita kuitentha. Ndiye m'dzinja la 2017 mpaka 2018 inapezeka ku Mpika ku Zambia, pa tirigu wa mvula. Koyamba mu Africa muno. Bowa wake amagwira pakhosi pa ngala, kumtunda konse n'kuyera mbuu, mkati mopanda kanthu. Ukaona kuyerako mankhwala achedwa kale.

Bambo a Tadala: Zambia ndi pakhomo pomwepa. Malole amadutsa pa Chirundu usana ndi usiku.

Chisomo: Ndipo chitetezo chachikulu chimene dziko lili nacho panopa chinachokeranso kuudzu. Ndi chidutswa chotchedwa 2NS, cha Aegilops ventricosa. Akatswiri a ku France ndi amene anachilowetsa mu tirigu m'ma 1960, akufuna za matenda ena, za blast sankazidziwa n'komwe. Patapita zaka zambiri ndi pamene anthu anazindikira kuti mitundu imene ikupulumuka ku South America ili ndi chidutswa chimenecho. Bangladesh inatulutsa mtundu wa tirigu wotchedwa BARI Gom 33 mu 2017, nayenso ali nacho.

aMbewe: Tamvani bwino zimene wanena mwanayu. Chidutswa chimodzi. Mizere yambiri yatsopano ya CIMMYT ili ndi 2NS, ndipo ku South America kwaoneka kale mitundu ya bowayu imene siikuchiopa kwenikweni. Ine ndikaona zimenezi ndimakumbuka Sr31. Ndikanakhala ndi mphamvu pa ndalama za kafukufuku m'chigawo chino, ndikanasiya kuthamangitsa theka la tani pa hekitala, n'kuika anyamata pa ntchito yofufuza chitetezo chachiwiri ndi chachitatu cha blast. Ntchito yosatchukitsa munthu, koma ndi imeneyo.

aJere: Chabwino, pa blast ndagonja. Koma mundiyankhe ichi. Chimanga cha haibulidi tinachiyamba ndife kuno, mbewu ya SR52 inatuluka mu 1960 mumzinda uno wa Harare ukadali Salisbury, ndipo agogo athu ochokera ku Nyasaland ndi amene ankathyola ngayaye m'mafamu a mbewu. Nanga tirigu wa haibulidi ali kuti? Kapena akutibisira?

Chisomo: Palibe akubisa amalume, ndi kapangidwe ka duwa. Chimanga chachimuna chili pamwamba, chachikazi pambali, ukathyola ngayaye wamaliza. Tirigu zonse zili m'kaduwa kamodzi kotsekeka, amadzibereketsa yekha duwa lisanatseguke n'komwe, ndipo mungu wake ndi wolemera, suuluka patali, umafa msanga. Simungatume anthu kuthena maluwa a hekitala yonse ndi manja. Ndiye pali njira ziwiri. Ina ndi kupopera mankhwala opha mungu, imene agwiritsa ntchito ku France. Ina inachokeranso kwa m'bale, Triticum timopheevii wa ku Georgia uja, amene mu 1962 anapeza kuti akhoza kupangitsa tirigu kukhala wopanda mungu. Koma kubwezeretsa mungu mwa ana ake kuti mlimi akolole kwavutitsa anthu zaka zambiri.

Bambo a Tadala: Ndiye muonjezepo masamu a mlimi. Chimanga ndimadzala makilogalamu 25 pa hekitala. Tirigu amapitirira 100. Mbewu ikadula kawiri, ine ndaluza ndisanathirire.

Chisomo: Ndi pomwepo. Ndipo kuonjezereka kwa zokolola pa tirigu wa haibulidi kumakhala pafupifupi 10 pa 100 alionse, pamene pa chimanga kumakhala kwakukulu zedi. Chifukwa china n'chomwe tinayambira chija. Haibulidi amapindula makolo ake akakhala otalikirana, koma mitundu ya tirigu yamakono ndi pachibale kwambiri. Mu 2024 akatswiri a ku John Innes Centre ku Norwich, pamodzi ndi anzawo a ku China, anayeza DNA ya mitundu 827 ya tirigu wamakolo imene Arthur Watkins anasonkhanitsa m'maiko 32 m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Anapeza mabanja 7, koma tirigu wamakono anachokera makamaka ku awiri okha.

NaPhiri: Asanu onse angokhala m'mabotolo?

Chisomo: M'nkhokwe zozizira, inde, koma tsopano ayamba kuwakwatitsa.

aMbewe: Musaiwale triticale pamene mukukamba za kusakaniza. Ameneyo ndi tirigu ndi rye wathunthu, osati chidutswa. Woyamba wobereka anapangidwa ndi Rimpau ku Germany mu 1888. Amapirira nthaka yowawasa ndi yosauka kuposa tirigu, ku Poland amalima kwambiri, koma amathera ku ziweto. Buledi wake aNaPhiri sangamuvomere.

NaPhiri: Ine nkhawa yanga ndi imodzi. Boma linalengeza kuti mu 2022 takolola pafupifupi matani 375,000, kuposa 360,000 amene amati timadya pachaka, chaka chotsatira kuposanso pamenepo. Koma a zigayo amanenabe kuti amafunika tirigu wolimba wakunja wosakaniza kuti ufa wa buledi ukhale bwino. Ndiye opanga mbewuwo, pamene akuthamangitsa matenda, aziitananso ife okanda mtanda tikaone. Asamangoyeza matani.

Chisomo: Pamenepo sinditsutsa azakhali. Ndipo abale akutchirewo alinso ndi mitundu ya mapuloteni a mtanda imene tirigu wathu alibe, ena ali ndi zinki ndi ayironi wambiri m'njere. Ku India ndi Pakistan atulutsa kale mitundu ya zinki wochuluka, ina mwa iyo makolo ake ndi tirigu wopangidwanso uja.

aJere: Nanga udzuwo mwini wake ndani? Mawa kampani ina idzatenga jini ya udzu wa ku Iran, n'kudzatigulitsa ife pa dola.

aMbewe: Funso limenelo ndi lolemera kuposa la GMO lija. Pali pangano la maiko la mu 2001 loti mbewu za chakudya, kuphatikizapo tirigu, zizigawidwa pa malamulo ofanana, ndipo nkhokwe za mbewu za CIMMYT ndi ICARDA, bungwe lofufuza za ulimi wa m'malo ouma, zimatumiza kwa wofufuza aliyense wopempha. Koma taonani kumene abale ambiri a tirigu amamera: Syria, Iraq, Iran, Afghanistan. Nkhokwe ya ICARDA inali ku Aleppo. Nkhondo itakula anasamuka, ndipo mu 2015 anakatenga mbewu zimene anasungitsa kunkhokwe ya maiko onse ya ku Svalbard ku Norway, koyamba kuti wina atapeko, n'kuyambiranso ku Lebanon ndi ku Morocco. Zikanakhala kuti sanasungitse kwina, bwenzi tikukamba zina. Za kampani yodzatigulitsa, zimenezo zichitika ndithu aJere, ndipo pena adzakhala atagwiradi ntchito ya zaka khumi ija. Chimene ndimadana nacho ine ndi boma lililonse la kuno kumwera kusiya opanga mbewu ake opanda ndalama, kenako n'kumadandaula mtengo.

Mayi a Limbani: Mwandipatsa maganizo. Mwezi wamawa ndikupita kumudzi. Amayi anga aakulu amasungabe tirigu wawo wakalekale, sanagulepo mbewu chibadwire. Ndibweretseko kathumba, Bambo a Tadala adzale kumapeto kwa munda tione?

Bambo a Tadala: Ine bwana wanga angandithamangitse tsiku lomwelo mayi.

Chisomo: Chonde azakhali musatero. Blast imayenda m'mbewu, ndi mmene inawolokera nyanja. Sindikunena kuti ku Tsangano iliko, koma mbewu yodutsa malire imafuna chilolezo ndi kuyezedwa, ndipo pa Nyamapanda akhoza kukulandani. Ngati mukufuna isatayike, nkhokwe ya mbewu ya dziko la Malawi ili ku Chitedze, kufupi ndi Lilongwe. Mupite nayo kumeneko, munene mudzi, dzina limene agogo amautchula mtunduwo, mwezi umene amadzala, ndiponso ngati umadwala chiwawu kapena ayi.

Mayi a Limbani: Ku Chitedze ndi kutali ndi kwathu, koma mchimwene wanga amakhala ku Likuni, ndimutuma iyeyo. Yochuluka bwanji, kapu imodzi ikwana?

aMbewe: Kapu ikwana, koma musatape pamalo amodzi. Tengani pang'onopang'ono kwa anthu angapo a m'mudzimo, aliyense m'kapepala kakekake, yowuma bwino, ndipo musaithire mankhwala a anankafumbwe musanafunse eni ake a nkhokweyo.